Kawailesi kopanga wekha: kuchoka pa phokoso lokhalokha mpaka kumva anthu akucheza pa 7 MHz

Usiku wina wa mwezi wa June mwera ukuwomba, magetsi atathima dera lonse la kwathu kuno cha ku Senga Bay, ndinakhala pakhonde ndi kathabwa kodzadza timawaya, mahedifoni ali kumutu, ndikupotokola pang'onopang'ono, nde mwadzidzidzi mkati mwa phokoso lija munatuluka mawu a bambo wina akulankhula Chingerezi momveka bwino ngati ali kuseri kwa mpanda, akutchula nambala yake ya pa wailesi yoyambira ndi zilembo ZS. ZS ndi South Africa abale. Munthu ali kunyumba kwake akucheza ndi mnzake, ine ndikumumva pa kachipangizo kamene ndinalumikiza ndekha ndi zotolatola, kopanda data, kopanda netiweki, batire imodzi basi. Chichokereni tsiku limenelo anzanga akhala akundifunsa kuti zimatheka bwanji, nde ndati ndilembe bwinobwino kuyambira poyambira penipeni pamodzi ndi mavuto omwe ndinakumana nawo, chifukwa mavutowo ndi amene anandiphunzitsa zambiri.

Choyamba timvane kaye. Sindikunena wailesi ya FM yomvera mpira ndi mauthenga a maliro ayi, imene ija ili pa 87.5 mpaka 108 MHz ndipo mafunde ake amayenda mowongoka, phiri likatchinga basi yathera pomwepo. Ine ndikunena za amateur radio, anthu wamba a m'maiko osiyanasiyana amene ali ndi chilolezo cholankhulana okhaokha pa mafunde a shortwave. Dziko lililonse lili ndi zilembo zake zoyambira nambala za anthu amenewa: Malawi ndi 7Q, Zambia 9J, Mozambique C9, Tanzania 5H, Zimbabwe Z2. Kuti iwe uzilankhula nawo pamafunika laisensi ya MACRA, zimenezo osazichita mwachibwana. Zonse zimene ndikufotokoza pano ndi za chomvera chabe, sichitumiza mawu kulikonse.

Mafunde a wailesi amathamanga liwiro la kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi. Fulikwensi ndi kuchuluka kwa maulendo amene funde likugwedezeka pa sekondi imodzi, nde 7 MHz ndi maulendo 7 miliyoni. Ukagawa 300 ndi nambala ya MHz umapeza kutalika kwa funde limodzi m'mamita, 300 kugawa ndi 7 zikubwera 42 ndi kakanthu, nchifukwa chake amangoti bandi ya 40 mita. Kuno ku Africa bandi imeneyi ikuyambira 7.000 kulekeza 7.200 MHz. Zilipo zina, ya 80 mita pa 3.5 mpaka 3.8 MHz, ya 20 mita pa 14.000 mpaka 14.350 MHz, koma kwa woyamba ine ndimati 40 mita, chifukwa siikwera kwambiri moti nkuvuta kupanga komanso madzulo aliwonse sipasowa wolankhula.

Nanga mawu a ku South Africa afika bwanji ku Salima dziko lili lozungulira? Kumwamba kwenikweni kuli mpweya umene dzuwa limauwotcha mpaka kukhala ndi mphamvu ya magetsi, amautcha ionosphere, ndipo uli m'magawo. Gawo lapamwamba la F, cha m'ma 200 mpaka 400 km, limabweza mafunde a shortwave pansi ngati mmene khoma limabwezera mpira. Koma pansi pake pali gawo la D, pa 60 mpaka 90 km, limeneli ntchito yake ndi kumwa mafunde otsika, ndipo limakhalapo masana okha, dzuwa likangolowa limazimiririka. Ichi ndi chifukwa chake agogo athu ankadikira madzulo kuti agwire mawailesi akutali, ngati Channel Africa ya ku Johannesburg imene inkaulutsa m'Chinyanja pa shortwave. Ndikutsindika zimenezi chifukwa munthu amatha kupanga chinthu chabwinobwino, kuyesa 12 koloko masana, osamva kanthu, nkuchiphwasula pomwe vuto silinali chipangizocho koma nthawi.

Ine ndinayamba ndi kawailesi kopanda batire kaja amati crystal, ndipo ndikulangiza aliyense kuti ayambire pomwepo ngakhale sikangamve ma amateur, chifukwa kamakuphunzitsa mtima wa wailesi iliyonse. Zofunika ndi zochepa: waya wautali wa eriyo, waya wa pansi, koyilo, kapasita yopotokola, dayodi imodzi ndi chomvera cha m'makutu. Eriyo imagwira mafunde onse nthawi imodzi osasankha, nde koyilo ndi kapasita ndi zimene zimasankha. Taganizani katungwe. Ukamamukankha mwana pa nthawi yake yeniyeni amakwera m'mwamba ngakhale ukukankha ndi chala chimodzi, koma ukakankha mosemphana palibe chimachitika. Koyilo ndi kapasita zikalumikizidwa pamodzi magetsi amachita katungwe pakati pa ziwirizo pa liwiro limodzi lokha, funde limene likugwirizana ndi liwirolo limakula, ena onse amafooka. Ukapotokola kapasita ukusintha kutalika kwa chingwe cha katungweyo, basi, palibe matsenga ena pakutchuna.

Koyilo ndinapanga ndi chidutswa cha paipi ya pulasitiki ya 50 mm yotsala pomanga, ndi waya wa mkuwa wopaka vanishi wa 0.5 mm amene ndinamasula mu thiransifoma yakupsa. Ndinakulunga maulendo pafupifupi 80 mothithikana, zimabwera cha m'ma 240 microhenry, ndipo ndi kapasita yachitsulo ya 365 pF ya mawailesi akalekale zimayambira pafupi ndi 540 kHz kukwera, ndiye kuti bandi ya medium wave. Pokulunga, maulendo khumi aliwonse muzipotokola kakhutu kakang'ono ka waya nkukapala vanishi, timakutu timeneti mudzatithokoza. Ngati kapasita imene mwapeza ndi ya pulasitiki yaing'ono ija ya mawailesi a m'manja, tengani pamodzi ndi kamtengo kakuda ka ferrite kokhala ndi koyilo yake mu wailesi yomweyo, zinapangidwa kuti zizigwirizana. Zambiri mwa izi ndinazipeza kwa madala ena okonza mawailesi pa Kamuzu Road, ali ndi katoni ya mawailesi akufa pansi pa tebulo, ndinangowauza kuti madala ndikufuna zamkati zokha, iwo nkundisiya ndisankhe ndekha, ndipo ndi iwo anandionetsa dayodi yagalasi yokhala ndi kawaya kowoneka mkati nkundiuza kuti imeneyo ndi imene ndikufuna.

Dayodi ija ikhale ya germanium, monga 1N34A, 1N60 kapena OA79. Chifukwa chake ndi ichi: dayodi imalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, nde imadula theka la funde nkusiya mawu amene anakwera pamsana pake, koma ya silicon wamba imafuna pafupifupi 0.6 V kuti itseguke bwino pomwe ya germanium 0.2 kapena 0.3 V yakwana, ndipo mphamvu yochokera ku eriyo ndi yochepetsetsa. Ikasowa, ya Schottky ngati BAT85 imayesetsa. Ndiye pali nkhani ya chomvera imene imagwetsa anthu ambiri. Mahedifoni a foni ndi a 16 kapena 32 ohm, ukawalumikiza mwachindunji amameza mphamvu yonse umangomva zii. Njira yake tengani kathiransifoma ka adaputa yakale yolemera ija ya 230 V kupita 9 V, mbali ya 230 mulumikize ku dayodi, mbali ya 9 ku mahedifoni, osaiika ku magetsi ayi, ikungogwira ntchito yogwirizanitsa mbali ziwirizo.

Kunena zoona masana kuno kamangokhala chete, mawailesi athu ambiri ali pa FM. Koma usiku kanandipatsa Chipwitikizi ndi zilankhulo zina zakutali, motsika kwambiri, masiteshoni awiri atatu atapiringizana. Apa ndi pamene timakutu tija tinagwira ntchito, nditasuntha dayodi kuchoka pamwamba pa koyilo kupita pa kakhutu ka pakati mawu anatsika pang'ono koma masiteshoni analekana. Phunziro lake ndimaligwiritsabe ntchito mpaka lero, kuti chilichonse chimene walumikiza pa katungwe uja chikumulemetsa, ndipo akalemedwa sasankhanso bwino. Eriyo nayo chimodzimodzi, osailumikiza pamwamba pa koyilo, ipatseni kakoyilo kakekake ka maulendo 10 kapena 15 pambali.

Tsopano eriyo ndi waya wa pansi, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene pali theka la ntchito yonse koma anthu amathamangira kugula zipangizo. Waya wanga woyamba unali mamita 20 kuchoka pa nsungwi imene ndinaimika pafupi ndi nyumba kukafika pa mtengo wa mango. Waya usakhudze mtengo kapena malata, kumapeto kwake mumange kachidutswa ka paipi ya pulasitiki koboola mbali zonse kenako chingwe cha nayiloni ndi chimene chipite ku mtengo. Ndipo musakoke kwambiri. Mwera wa kunyanja kuno ukayamba mtengo umavina, waya wanga unaduka kawiri, mpaka ndinaphunzira kudutsitsa chingwecho pa nthambi nkumangirira botolo la mchenga kumapeto kuti mtengo ukamagwedezeka botolo lizikwera ndi kutsika waya osaduka. Za pansi nazo, dothi lathu la kunyanja ndi mchenga, nthawi ya chilimwe umauma gwa ndipo sudutsa magetsi. Poyamba ndinakhoma chitsulo pafupi ndi khonde sizinathandize kwenikweni, nditachisamutsira kuseri kwa bafa pamene pamakhala chinyezi chaka chonse, paipi yachitsulo ya mita ndi theka, mawu anakwera moti sindinafunike kufunsa munthu ngati zasintha.

Chinthu chimodzi chokha ndikupempheni ndi mtima wonse. Waya wa eriyo usadutse pamwamba kapena pansi pa mawaya a magetsi, ngakhale pafupi. Ndipo dzinja likafika, mitambo ikangoyamba kuda cha kunyanja, chotsani eriyo pa chipangizo, muitulutse panja nkuilumikiza ku chitsulo cha pansi chija. Mphenzi za kuno timazidziwa tonse.

Nde nditakulunga koyilo ina yaing'ono kuti ndifike pa shortwave ndinayamba kumva zinthu zachilendo cha pa 7 MHz, mawu ngati abakha akukangana m'madzi, ukudziwa ndithu kuti ndi munthu akulankhula koma osatolapo liwu ndi limodzi lomwe. Amenewo ndiwo ma amateur, ndipo chifukwa chake chili chonchi. Wailesi wamba ya AM imatumiza zinthu zitatu: funde lapakati lonyamulira lotchedwa carrier, ndi mawu m'mbali zake ziwiri, mbali yam'mwamba ndi yam'munsi, zonse zonena zofanana. Carrier payokha ilibe uthenga uliwonse koma imadya magawo awiri mwa atatu a mphamvu yonse ngakhale mawu atakwera mpaka pamapeto. Kwa siteshoni yaikulu zilibe kanthu, koma munthu wa kunyumba wa mawati 100 sangataye mphamvu choncho, nde amachotsa carrier, kuchotsanso mbali imodzi, nkutumiza mbali imodzi yokhayo. Imeneyo ndiyo SSB. Pa mabandi a pansi pa 10 MHz mwambo wake ndi mbali yam'munsi, LSB, pamwamba pa 10 MHz ndi mbali yam'mwamba, USB. Zili ngati munthu wakutumizira ufa wokha kuti madzi ukathira konko, wolandira ayenera kubwezeretsa carrier ija yekha, ndipo dayodi payokha singathe.

Njira zobwezeretsera zilipo zingapo. Ina ndi ya regenerative imene Edwin Armstrong anatulukira mu 1912 adakali mwana wa sukulu ku Columbia University, pamene valavu imodzi (masiku ano thiransisita) imabweza gawo la zimene yakuza kuti izikuzenso mpaka iyambe kudzipangira funde lake. Imagwira modabwitsa ndi zipangizo zochepa, koma imafuna manja awiri nthawi zonse ndipo eriyo ikagwedezeka ndi mphepo nayo fulikwensi imagwedezeka, kuno kwa mwera zinanditopetsa. Ina ndi superhet, ya Armstrong yemweyo mu 1918, imene ili m'mawailesi ogula ambiri, imasandutsa siteshoni iliyonse kukhala fulikwensi imodzi monga 455 kHz nkuisefa pamenepo, yabwino koma zolumikiza ndi zambiri. Ine ndinasankha yapakati, direct conversion, ndipo ndi imene ndingauze mnzanga aliyense kuti apange.

Mfundo yake ndi yokoma. Amene anatchunapo gitala akudziwa kuti nsambo ziwiri zikayandikana kamvekedwe pamamveka kugunda kwa wuu wuu wuu, ndipo zikamayandikana kwambiri kugundako kumachedwa mpaka kutha. Kugunda kumeneko ndi kusiyana kwa ziwirizo. Nde mu chomvera chathu timapanga kafunde kathukathu ndi osileta, nkukasakaniza ndi funde lochokera ku eriyo mu mikisa, chotuluka ndi kuphatikiza kwa awiriwo komanso kusiyana kwawo. Kuphatikiza kuli kutali pa 14 MHz timakutaya, kusiyana ndiko timafuna. Ngati wina akutumiza Morse, zilembo za timaluzu tatifupi ndi tatitali, pa 7,030,700 Hz ife osileta yathu ili pa 7,030,000 Hz, kusiyana ndi 700 Hz, kaluzu womveka ndi khutu. Ngati ndi SSB, tikaika osileta pamalo enieni pamene panali carrier yochotsedwa ija, abakha aja amasanduka munthu.

Chipangizo changa chili ndi ma IC awiri, tizipangizo takuda ta miyendo yambiri tija. Yoyamba ndi SA612, ena amaipeza ndi dzina la NE602, ya miyendo 8, mkati mwake muli mikisa ndi osileta pamodzi: miyendo 1 ndi 2 ndi polowera za ku eriyo, 3 ndi pansi, 4 ndi 5 potulukira, 6 ndi 7 ndi ya osileta, 8 ndi ya moto. Imafuna pakati pa 4.5 ndi 8 V, nde musaipatse 12 V ya batire ya sola mwachindunji mupsereza, ikani ka regulator ka 78L06 kotsitsa moto kufika 6 V. Yachiwiri ndi LM386 yokuzira mawu, imeneyi ndi yosavuta kupeza, imakuza ka 20 ndipo mukaika kapasita ya 10 microfarad pakati pa mwendo 1 ndi 8 imakuza ka 200. Koyilo ya 7 MHz ndi yaing'ono, maulendo pafupifupi 17 pa paipi ya 25 mm otalikirana pang'ono kuti atenge 25 mm m'litali, imabwera cha m'ma 5 microhenry, ndipo ndi 100 pF yonse pamodzi imagwa pa 7.1 MHz. Zimafunika ziwiri, ya kutsogolo kwa eriyo ndi ya osileta, ndipo zisayang'anizane mbali imodzi, ina igone ina iime. SA612 ndinachita kutumiza mnzanga wopita ku Joni. Ikakanika kupezeka musagwe ulesi, madayodi awiri a 1N4148 olumikizidwa moyang'ana kosiyana amapanga mikisa imene Vladimir Polyakov wa ku Russia anaitchukitsa, ndipo osileta yake imayenda pa theka la fulikwensi, nde kakristo, kachipangizo kogwedezeka pa fulikwensi imodzi yosasuntha, ka 3.579 MHz kopezeka m'mafoni akale a m'nyumba kamakufikitsa pa 7.159 MHz, mkati mwa bandi momwe muli olankhula.

Powotcherera, masiku opanda magetsi ndimatenthetsa kachitsulo ka mkuwa pa mbaula, zimatheka ndithu, koma IC muziiika pa soketi, muwotcherere soketiyo kenako IC muilowetse zonse zitazizira. Miyendo ya zipangizo ikhale yaifupi, pa 7 MHz waya aliyense wautali amasanduka kakoyilo kosafunika. Ndipo pangani kuchokera kumapeto kubwerera, LM386 poyamba, mukakhudza polowera pake ndi chala nkumva kulira kwa mmm ndiye kuti ili moyo, kenako osileta. Poyesa osileta ikani wailesi wamba ya shortwave pafupi, itchuneni cha pa 7 MHz, mukamapotokola kapasita yanu pena pake phokoso la wailesiyo lidzangoti zii, pamenepo ndi pamene osileta yanu ili.

Tsiku limene inagwira ndinasangalala, koma ntchito yeniyeni inayamba mawa lake. Vuto loyamba linali kuthawa. Umamutchuna munthu bwinobwino, pakatha mphindi imodzi mawu ake ayamba kukwera ngati kamwana kapena kutsika ngati chimphona. Taonani kuvuta kwake, SSB imafuna usaphonye ndi 100 Hz, ndipo 100 pa 7 miliyoni ndi gawo limodzi mwa 70,000, zili ngati kuchoka pa Salima ulendo wa pafupifupi makilomita 100 wa ku Lilongwe nkukaima pamalo osaphonya ndi mita ndi theka. Chimene chimathawitsa ndi kutentha. Koyilo ikatenthedwa imafutukuka pang'ono, timakapasita tofiirira totchipa tija timasintha kwambiri ndi kutentha, ndipo kutentha kwa Salima mwezi wa October sindikufunika kukufotokozerani. Ndinasintha makapasita onse a osileta kuika a NP0, ena amalemba C0G, nthawi zambiri amakhala ndi kadontho kakuda pamutu, a polystyrene owala ngati siliva a m'mawailesi akale nawonso ndi abwino. Koyilo ndinaipaka kyuteksi yoyera kuti waya asasunthe, sera ya njuchi nayo imagwira. Kenako zonse ndinazitsekera m'chitini cha mabisiketi cholumikizidwa ku mbali ya pansi, chifukwa ngakhale kamphepo ka kunyanja kakawomba pa koyilo kamasuntha fulikwensi, ndipo dzanja lako lomwe likayandikira limakhala ngati kapasita, ukatchuna nkuchotsa dzanja siteshoni yapita. Chitini chinathetsa zonse ziwiri. Ndipo ndimayatsa nkudikira mphindi 10 kapena 15 kuti kakhazikike ndisanayambe kumvera.

Vuto lachiwiri, kutchuna kunali kothina kwambiri, bandi yonse ya 200 kHz inkathera m'kachigawo kochepa ka kupotokola, ukangokhudza wadumpha anthu atatu. Mankhwala ake ndi kuika kakapasita kakang'ono ka 10 kapena 15 pF motsatizana ndi yopotokola ija kuti mphamvu yake ichepe, kenako ina yokhazikika pambali yokwaniritsa 100 pF ija. Mukatero kupotokola konse kuchoka uku kufika uko kumangoyenda mkati mwa bandi. Ndinaikanso chivindikiro chachikulu cha botolo ngati chogwirira, chikakula dzanja limayenda mofatsa.

Lachitatu ndi limene linandizunguza nthawi yaitali. Usiku, pamene bandi ili bwino, ndinkamva siteshoni yaikulu ya nyimbo ndi nkhani paliponse, kaya ndipotokole bwanji ili pomwepo. Pamwamba penipeni pa bandi yathu, kuyambira 7.200 MHz, pali bandi ya 41 mita ya mawailesi akuluakulu otumiza ndi mphamvu ya makilowati mazanamazana, nde SA612 imakhuta nkuyamba kuchita ngati dayodi wamba. Ine ndinkaganiza kuti eriyo ikatalika zonse zikhala bwino, nkuwonjezera waya, zinthu nkumaipiraipira. Yankho linali losemphana ndi maganizo anga, kuchepetsa. Potentiometer, chopotokola ngati cha voliyumu, ya 1k pakati pa eriyo ndi koyilo yoyamba, ukatsitsa pang'ono chisiteshoni chija chimazimiririka msanga kuposa munthu amene ukumufuna. Kuwonjezera koyilo ndi kapasita yachiwiri kutsogolo, zolumikizana ndi yoyamba kudzera pa kakapasita ka 5 pF, kunamaliza zotsala.

Kenako phokoso, ndipo apa ndi pamene ndinadziwira chifukwa chake usiku wa June uja unali woyera chonchija. Machaja a foni, mababu a LED otchipa, ma inveta ndi ma controller a sola, zonsezi mkati mwake zimayatsa ndi kuzimitsa magetsi maulendo masauzande ambiri pa sekondi ndipo zimamwaza phokoso pa shortwave yonse. Njira yopezera wolakwa ndi yophweka, mahedifoni ali kumutu muzizimitsa chimodzichimodzi, kwa ine linali babu limodzi la pakhonde ndi chaja ina yopanda dzina. Chomvera chanu muzichiyendetsa ndi batire yokha, ya 9 V kapena ya njinga yamoto, osati adaputa chifukwa direct conversion imalira mmm ikangonunkhiza magetsi a m'nyumba, ndipo osati power bank, mkati mwake muli kachipangizo kokweza moto kaphokoso. Mukamva phu phu phu ngati injini ya boti pokweza voliyumu, ndi LM386 ikugwedeza moto wa mnzake, ikani kapasita ya 470 microfarad pa mwendo wake wa moto ndi resistor ya 100 ohm pa waya wopita ku SA612. Phokoso limene simungalithetse ndi la mphenzi, kuyambira November mpaka March kumakhala kuthetheka ngakhale mvula ikugwa kutali ku Mozambique, nchifukwa chake miyezi yozizira ndiyo nyengo yokolola kwa ife omvera.

Sefa ya mawu ndi yotchipa koma imapumitsa makutu. Mawu a munthu kuti amveke amangofuna 300 mpaka 3,000 Hz, zonse zapamwamba apo ndi mluzu ndi anthu oyandikana nawo. Resistor ya 1k ndi kapasita ya 47 nF yopita pansi, pakati pa mikisa ndi LM386, zimayamba kudula cha pa 3,400 Hz, mukaika ziwiri motsatizana ndi bwino koposa. Chofooka chimodzi chimene muyenera kuchivomereza, direct conversion imamva mbali zonse ziwiri za osileta, wa pamwamba ndi 700 Hz ndi wa pansi ndi 700 Hz amamveka chimodzimodzi, nde bandi ikadzadza mudzamva anthu owirikiza. Chothetsa zimenezo ndi superhet yokhala ndi sefa ya makristo, imeneyo ndi sitepe ina.

Mudziwa bwanji pamene muli popanda chowerengera fulikwensi? Bandi yokha imakuuzani. Pansi penipeni kuyambira 7.000 mpaka 7.040 ndi Morse. Pa 7.074 MHz pali chizindikiro chosasowa, timaluzu tambirimbiri tolira pamodzi ngati nkhululu, timalira masekondi pafupifupi 13 nkupuma pang'ono nkuyambanso, masekondi 15 aliwonse. Imeneyo ndi FT8, makompyuta akulankhulana, njira imene inatuluka mu 2017 kuchokera kwa Joe Taylor, amene analandirapo mphotho ya Nobel ya physics mu 1993, ndi mnzake Steve Franke. Mukaipeza lembani kachizindikiro pa chitini. Kukwera kuchoka pamenepo ndi olankhula, ndipo mukayamba kugunda masiteshoni akuluakulu a AM ndiye kuti mwadutsa 7.200. Nthawi yabwino ndi dzuwa likamalowa mpaka usiku, ndi mbandakucha asodzi akamabwerako ku usipa, pamenepo nthawi zina mpaka a ku Ulaya amalowa.

Kusintha kwakukulu kotsiriza kunali kuchotsa waya wautali uja nkuika dipole. Mawerengedwe ake ndi 143 kugawa ndi MHz, pa 7.1 zikubwera mamita 20.1, nde ndi mawaya awiri a mamita 10 ndi pang'ono, pakati polekana, mbali ina ku waya wamkati wa kebulo ya dishi mbali ina ku ukonde wake wakunja, kebulo ya TV ya 75 ohm imagwirizana nayo bwino. Pakati ndinakweza pa nsungwi ya mamita 7, mapeto ake kutsikira mbali ziwiri ngati denga la nyumba. Mawu sanakwere kwambiri kuposa kale koma phokoso linatsika zedi chifukwa eriyo tsopano ili kutali ndi nyumba ndipo siidaliranso mchenga wouma uja, ndipo pomvera chofunika si kukwera kwa mawu koma kusiyana kwa mawu ndi phokoso. Polowera ndinaikapo madayodi awiri a 1N4148 moyang'ana kosiyana kupita pansi kuti ateteze IC ku magetsi amene amaunjikana pa waya kukamawomba mphepo youma, koma amenewa sateteza ku mphenzi, kuchotsa eriyo kuja kulipobe.

Pa zonsezi chimene chinandithandiza kwambiri ndi kakope. Ndimasintha chinthu chimodzi chokha pa tsiku, nkulemba chimene ndasintha, nthawi, ndi zimene ndamva, chifukwa bandi imasintha yokha tsiku ndi tsiku nde ukasintha zitatu nthawi imodzi sudziwa chimene chathandiza, mwinanso ndi kumwamba chabe kumene kwakomera. Panopa pa tebulo pali kabolodi ka Si5351 kopanga fulikwensi ndi kakompyuta kakang'ono ka Arduino kokalamulira, ndikufuna ndichotse koyilo ya osileta kuti fulikwensi izichokera ku kristo ndipo izioneka pa kasikirini, zikatheka ndiye kuti bandi ya 20 mita yatseguka, imene imagwira masana dzuwa lili pamutu. Koyilo yakutsogolo ya 14 MHz ndakulunga kale dzulo, maulendo 9, ikuuma kyuteksi pawindo.